Zilonda za m'kamwa: zimene dokotala amalemba pa khadi lanu

Amai ambili ku Chadiza akapita ndi mwana ku kiliniki amangonena kuti, "Ali ndi zilonda m'kamwa." Koma zilonda za m'kamwa zili za mitundu yambili, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake.

Bungwe la zaumoyo la WHO lili ndi buku lochedwa ICD, m'mene nthenda iliyonse ili ndi nambala yake. M'buku la ICD-10, kutupa kwa m'kamwa ndi K12. Tizilonda toyela pakati tomabwela ndi kupita ndi K12.0, tumapola tokha pakatha sabata limodzi kapena awili. Zoyela zomatilila pa lilime ngati mkaka wowundana ndi B37.0. Izi ndi za bowa, ndipo zimafuna mankhwala monga nystatin. Kwa khanda si zacilendo, koma zikamabwelabwela kwa munthu wamkulu, ndi bwino kupimitsa magazi, cifukwa HIV kapena nthenda ya shuga zimatha kuyambitsa zimenezi.

Yoopsa kwambili ndi A69.0, noma. Imagwila makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 osowa cakudya cokwanila, kawilikawili atangodwala cikuku kapena malungo. Imayamba ngati kutupa kwa nkhama, m'kamwa n'kumanunkha, ndipo m'masiku ocepa imadya tsaya. Ikapezeka msanga imacila ndi mankhwala opha tizilombo. Mu December 2023 WHO inaika noma pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha.

Nanga inu mungacite ciani? Uzani anesi tsiku limene zilonda zinayamba, ngati thupi likutentha, ngati mwana akukana kuyamwa, ndi mankhwala onse amene mwamupatsa, ngakhale acikuda. Musabise, zimene mwanena ndi zimene zimalembedwa. Pemphani kuti akuuzeni dzina la nthenda imene alemba.

Khadi la sikelo ndi kapepala ka cipatala musazisiye pa denga kapena m'thumba la ufa. Mukatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Chadiza kapena ku Chipata Central Hospital, adokotala amayamba kuwelenga pamenepo. Zolembedwa m'kaundula wa kiliniki zimawelengedwanso mwezi ndi mwezi ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo zimathandiza poitanitsa mankhwala.

Cilonda cimene sicinapole patatha masabata atatu, makamaka kwa wosuta fodya kapena womwa kacasu, cionetsedwenso ku cipatala.