Napoli: Pitani, Koma Wotchi Isiyeni Kunyumba

Mukauza munthu wa ku Milan kuti mukupita ku Napoli, amayamba wakuchenjezani asanakufunireni ulendo wabwino. Mzindawu, wachitatu kukula mu Italy, uli ndi mbiri ya uve, phokoso, mbava ndi gulu la zigawenga la Camorra. Mbiriyi sinangochokera m'malere. Mu 2008 zinyalala zinaunjikana m'misewu mpaka dziko lonse kuonera pa TV, ndipo buku la Roberto Saviano, Gomorra, lomwe linatuluka mu 2006, linaika poyera zochita za Camorra. Koma Camorra ilibe nanu ntchito inu mlendo. Mikangano yake ndi ya mankhwala ozunguza bongo ndi ndalama zolanda kwa eni mashopu, ndipo madera omwe anatchuka nayo, monga Scampia ndi Secondigliano, ali kumpoto, komwe mulibe chokachita. Zimene zingakulizeni inu ndi ziwiri basi: wopisa m'thumba ndi njinga yamoto.

Ambiri amafika pa sitima yothamanga, Frecciarossa kapena Italo, yomwe kuchokera ku Roma Termini imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa. Obwera pa ndege amatera ku Capodichino, pafupi kwambiri ndi mzinda, n'kukwera basi ya Alibus. Onsewa amakumana pa Piazza Garibaldi, kutsogolo kwa siteshoni yaikulu, ndipo tsoka lake ndi lakuti amenewa ndiwo malo osakongola kwambiri pa ulendo wonse. Pali piringupiringu, ogulitsa zinthu pansi, anthu ogona m'makhonde, ndi ena okusonyezani foni yotchipa modabwitsa. Osagula. Alendo ambiri amaweruza Napoli yense ndi mphindi zoyambazi n'kuthawira ku Sorrento. Inu tsikirani pansi, mukwere sitima ya pansi pa nthaka ya Linea 1. Mukafuna takisi, kwerani yoyera yoima pamzere wake, ndipo musanakhale pansi nenani kuti mukufuna mtengo wokhazikika, tariffa predeterminata, womwe umalembedwa pa pepala m'galimotomo.

Malo ogona ndiwo amapanga kapena kuwononga ulendowu. Pafupi ndi siteshoni n'potchipa, koma usiku simudzamasuka kuyenda. Funani chipinda cha ku Piazza Dante, Via Toledo, Chiaia kapena pamwamba pa phiri ku Vomero, ndipo mugone masiku osachepera atatu.

Tsiku loyamba liperekeni kwa mzinda wakale, womwe UNESCO inauzindikira mu 1995. Yambirani pa Piazza del Gesù mutsate Spaccanapoli, msewu wopapatiza wowongoka ngati mzere wa Agiriki omwe anayala mzindawu kale Yesu asanabadwe. Pamwamba panu zovala zayanikidwa pa zingwe kuchokera khonde lina kufika lina. Pakona pali kachisi kakang'ono ka Maria kokhala ndi nyali yamagetsi ndi zithunzi za omwalira a m'banja lina. Mayi wa pa nyumba yachitatu yosanja akutsitsa ndowa pa chingwe kuti wogulitsa amuikiremo buledi. Apa m'pamene mudzakumana ndi njinga zamoto. Zimadutsa m'tinjira topanda malo a oyenda pansi, zikukhudza chigongono chanu, ndipo mbava zina zimatsomphola chikwama kapena foni zili pa liwiro. Chikwama chipachikeni mopingasa pachifuwa, kumbali ya khoma. Foni muionere mutalowa pakhomo la shopu. Wotchi yodula ndi tcheni chagolide ndizo amazifuna kwambiri, choncho zitsale kunyumba. Powoloka msewu, musadikire kuti wina akuimireni. Yendani mofatsa osasinthasintha liwiro, kapena muyandikire agogo a komweko muwoloke nawo limodzi.

Pafupi pomwepo pali Cappella Sansevero, momwe muli chosema cha Yesu atamwalira, cha Giuseppe Sanmartino cha mu 1753. Nsalu yomuphimba ndi mwala, koma mitsempha ndi mabala a misomali zimaoneka pansi pake. Tikiti gulirani pa intaneti masiku angapo musanapite, apo ayi mudzabwerera pakhomo. Kuchoka apo dutsani San Gregorio Armeno, msewu wa osema tizidole ta khola la Khirisimasi chaka chonse, mukafike ku tchalitchi chachikulu cha Duomo, komwe pa 19 September khamu limadikira kuti magazi a woyera mtima San Gennaro asungunuke.

Njala ikakupwetekani muli pa Via dei Tribunali, mwafika kwawo kwa pizza. Margherita ya kuno ndi yofewa pakati, yopserera m'mbali, ndipo ndi yotchipa kuposa ya ku Roma. Ku Da Michele, komwe banja lake linayamba ntchitoyi mu 1870, mzere umatha ola. Ine ndimaona kuti si wofunika, pakuti za m'makomo oyandikana nazonso n'zabwino. Mukhoza kugula yopinda panayi ya m'manja, a portafoglio, n'kumadya mukuyenda. Pa bilu ya mu lesitilanti mukaona mawu akuti coperto musakwiye, ndi ndalama ya pampando, si kuba.

Madzulo kwerani ku Quartieri Spagnoli, omwe anamangidwira asilikali a ku Spain m'zaka za m'ma 1500. Kale alendo ankaopa kulowako. Lero amakhamukira ku chithunzi chachikulu cha Maradona, yemwe anapatsa timu ya Napoli chikho cha ligi mu 1987 ndi 1990. Chachitatu chinabwera mu 2023, Victor Osimhen wa ku Nigeria atamwetsa zigoli 26, ndipo kutchula dzina lake kumatsegula macheza msanga. Pakati pa usiku yendani m'misewu yowala ndi yokhala ndi anthu. Pasipoti yanu yokhala ndi viza ya Schengen ikhale nanu m'thumba lamkati, chifukwa apolisi amatha kufunsa, makamaka cha ku siteshoni. Pa ngozi imbani 112.

Tsiku lachiwiri ndi la Pompeii, mzinda womwe phiri la Vesuvio linaukwirira mu chaka cha 79. Sitima ya Circumvesuviana yopita ku Sorrento imakutulani pa Pompei Scavi pasanathe mphindi 40. Ndi yakale, imadzaza, ndipo opisa m'matumba amaikonda. Kwererani ku Porta Nolana, komwe imayambira, kuti mupeze mpando. Chikwama cha kumsana chikhale pamiyendo. Tikiti ya pepala idindeni musanakwere. Kuyambira November 2024 ku Pompeii amalola anthu 20,000 okha pa tsiku, choncho guliranitu ndipo mulawirire, mutenge madzi ndi chipewa popeza mthunzi ndi wochepa. Amene miyendo imawavuta atsike pa Ercolano Scavi: Herculaneum, mzinda wina womwe phirilo linaukwirira, ndi waung'ono, ndipo mitengo ya nyumba zina, yopserera, ikadalipo. Zokongola zambiri za m'mizinda iwiriyi zili ku Museo Archeologico Nazionale mu Napoli momwemo, yomwe satsegula Lachiwiri.

Tsiku lachitatu musankhe. Ku doko la Molo Beverello kumanyamuka maboti a ku zilumba za Capri, Ischia ndi Procida. Procida ndi yaing'ono ndipo sidula ngati Capri. Kapena pitani ku Rione Sanità, dera lomwe linali losiyidwa mpaka achinyamata a komweko atapanga gulu la La Paranza mu 2006 n'kuyamba kuyendetsa alendo m'manda a pansi pa nthaka a San Gennaro ndi a San Gaudioso, bishopu wochokera kumpoto kwa Africa. Ndalama ya tikiti yanu imalipira achinyamata omwewo.

Nyengo yabwino ndi April mpaka June, kapena September ndi October. Mu August kumatentha koopsa, ndipo cha pa 15 eni mashopu ambiri amatseka n'kupita kunyanja.