Kuyesa Radar ya Zanyengo ndi Mvula Yopangidwa pa Kompyuta

Mlangizi amene wagwirapo ntchito m'minda ya fodya ya ku Mvurwi, Trelawney kapena Marondera amadziwa zimene matalala amachita. Fodya wosamalidwa kuchokera ku nazale amang'ambika m'mphindi zowerengeka, ndipo tsamba lobookabooka silipeza mtengo ku okushoni ya ku Harare. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa pamene chithunzi cha radar chinganene zoona ndi pamene chingatisocheretse.

Radar siona mvula monga tiionera ife. Imaponya mafunde m'mlengalenga, n'kumvetsera amene abwerera atagunda madontho. Dontho lokula kawiri kuposa linzake limabweza mphamvu yochuluka ka 64, kotero kuti madontho akuluakulu ochepa, kapena matalala onyowa, amaoneka ngati chimvula choopsa. Posandutsa mphamvuyi kukhala mamilimita, ambiri amatsata chiwerengero chochokera ku kafukufuku wa Marshall ndi Palmer wa 1948: 40 dBZ ndi mamilimita pafupifupi 12 pa ola, pamene 50 dBZ ndi pafupifupi 49. Koma madontho awo anayezedwa ku Canada, osati m'mabingu a mu Disembala ku Mashonaland.

Vuto lalikulu ndi lakuti n'kovuta kwambiri kukwera mumtambo kukawerenga madontho kuti munthu atsimikize zimene makina anena. Mu 1975, Dušan Zrnić, katswiri amene wagwira ntchito zaka zambiri ku National Severe Storms Laboratory ku Oklahoma, anafalitsa njira yolambalala vutoli. Wofufuza amasankha yekha zinthu zitatu: mphamvu ya mafunde obwerera, liwiro la madontho, ndi kusiyana kwa liwiro pakati pa madonthowo. Kompyuta imapanga mafunde onga a mvula yeniyeni, n'kuthiramo phokoso la makina. Mafundewa amaperekedwa ku njira yowerengera imene ikuyesedwa. Popeza yankho likudziwika kale, cholakwa chilichonse chimaonekera poyera. Ife a mbewu sitiyenera kudabwa nazo: timatumiza ku labotale dothi limene tikudziwa kale fosiforasi wake, kuti tione ngati oyezawo akulondola.

Pamene kuyesa kotere kumathandiza kwambiri ndi pa mapiri. Zitunda za Great Dyke ndi mapiri a miyala a ku Domboshava amabwezanso mafunde, ndipo popanda chosefera angaoneke ngati mvula yosatha. Chosefera chimataya chilichonse chimene sichikuyenda. Tsoka lake, radar imamva liwiro la chinthu chimene chikubwera kwa iyo kapena kuchoka. Mvula yodutsa chopingasa imaoneka ngati yaima, ndipo imatha kutayidwa pamodzi ndi phiri. Pa kompyuta wofufuza amasakaniza phiri ndi mvula ya muyeso wodziwika, kambirimbiri, mpaka aone kuti yatayika yochuluka bwanji. Kwa ine, ichi ndi chimene ogula radar ayenera kuyamba kufunsa ogulitsa, asanagome ndi kukongola kwa zithunzi.

Pali china chimene chosefera sichingakonze. Dziko ndi lobulungira, choncho pa mtunda wa makilomita 200 mafunde oponyedwa pa theka la digiri amadutsa pafupifupi makilomita 4 m'mwamba. Mvula yowaza ya mitambo yotsika imapita pansi pake osaoneka, ndipo matalala oonedwa kumwambako mwina amasungunuka asanafike pa tsamba.

Apa mpamene kaundula wa mlangizi amafunika. Polemba za choyezera mvula cha pa munda, musalembe mamilimita okha. Onjezani ola limene mvula inayamba ndi kuleka, ndiponso kukula kwa matalala ngati anagwa, powayerekeza ndi njere ya chimanga kapena dzira la nkhunda. A zanyengo ku Belvedere mu Harare sangalinganize chithunzi cha 3 koloko masana ndi chiwerengero cha tsiku lonse.