Kodi Mwana Amatengera Bwanji Makolo Ake?

Thupi la munthu ndi lopangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo sioneka ndi maso. Pamafunika maikulosikopu, makina aja amaunikira magazi kuchipatala poyeza malungo. M'kati mwa selo muli kachipinda kotchedwa nyukiliyasi, ndipo m'menemo ndi momwe mumakhala DNA.

Woyamba kuipeza anali Friedrich Miescher, dokotala wa ku Switzerland, m'chaka cha 1869. Iye ankafufuza mafinya a pa mabandeji a odwala, koma ntchito ya DNA sanaidziwe. Mmene inalukidwira zinadziwika mu 1953, pamene James Watson ndi Francis Crick anazifotokoza mothandizidwa ndi kafukufuku wa Rosalind Franklin.

DNA ili ngati buku la malangizo a thupi. Ife polemba timalimbana ndi zilembo zambiri, koma buku limeneli lili ndi zinayi zokha: A, T, G ndi C. Zilembozi zinandandalikana pa tizingwe tiwiri topotana. A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C, sizisinthana ayi. Selo ikafuna kugawika, tizingwe tija timalekana, kalikonse n'kudzipangira kanzake katsopano. Motero selo yatsopano imalandira malangizo omwe aja.

Bukuli silituluka m'kachipinda kake. Thupi likafuna puloteni, ya magazi kaya ya tsitsi, mthenga wotchedwa RNA amakopera tsamba lofunikalo n'kupita nalo kunja kwa nyukiliyasi, kumene mapuloteni amapangidwira.

DNA ya m'selo imodzi itatambasulidwa ingatalike pafupifupi mamita 2. Kuti ikwane, inakulungidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Timitolo 23 timachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. N'chifukwa chake mwana amatha kutenga mphuno ya bambo ake, mpata wa m'mano n'kukhala wakuchikazi.

Apa mvetsetsani bwino chimene chimachititsa kuti mwana akhale mtsikana kapena mnyamata. Dzira la mayi limanyamula kromozomu ya X nthawi zonse. Mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X kapena Y. Ikabwera ndi X, pamabadwa mtsikana. Ikabwera ndi Y, mnyamata. Bamboyo sachita kusankha, zimangochitika. Komatu m'midzi mwathumu alipo amayi amene amanyozedwa, ena mpaka kusiyidwa ukwati, ati chifukwa akungobereka ana aakazi okhaokha. Kumeneku n'kuwalakwira. Mukamva wina akunena zotere pachitsime kapena pabwalo, mufotokozereni za X ndi Y.