Madzi a Pampopi ndi Madzi a M'mabotolo

Madzi amene amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Chipata amachokera ku damu la Lutembwe, ndipo amene amawasamalira ndi a kampani ya Eastern Water and Sanitation, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la NWASCO motsatira lamulo la madzi la 1997. Akapopedwa m'damu, madziwo amathiridwa mankhwala osonkhanitsa matope kuti adikhe pansi, kenaka amasefedwa mumchenga, ndipo pomaliza amathiridwa klorini, amene ndi mankhwala opha tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Klorini pang'ono amasiyidwa dala m'madzimo kuti awateteze m'njira yonse mpaka pampopi.

Chitetezo china ndi mphamvu ya madzi m'paipi. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amatumphukira kunja pamene pabooka, koma madzi akasiya kubwera, paipi yomweyo imayamwa zithaphwi zoizungulira, makamaka m'dzinja pamene zimbudzi zimasefukira. Choncho munthu woboola paipi kuti abe madzi, wolima mpaka m'mphepete mwa damu, kapena wokumba chimbudzi pafupi ndi mjigo, amaika pangozi ana a eni ake pamodzi ndi ake omwe.

Ku Mtenguleni, kumene Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni amachita mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa February, anthu ambiri amagula madzi a m'mabotolo poganiza kuti ndiwo abwino koposa. Botolo lotsekedwa kufakitale limathandizadi pa ulendo, koma banja silingaphikire, kusambira ndi kutsukira mbale madzi ogula motere, pakuti mtengo wa botolo limodzi umaposa wa chigubu cha malita 20 cha pakiyosiki yogulitsira madzi a pampopi. Palinso ogulitsa ena amene amatola mabotolo akale n'kuthiramo madzi osadziwika kochokera, ndipo wogula amazindikira izi poona ngati kamkombero ka pachivindikiro kali koduka kale. Botolo likatayidwa siliwola msanga: limatseka ngalande, limasunga madzi amvula momwe udzudzu umaswana, ndipo likatenthedwa limatulutsa utsi woipa m'chifuwa.

Pamene madzi a pampopi kapena a pamjigo akukayikitsa, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini wa m'nyumba, n'kusungidwa m'chigubu chotsuka bwino, chapakamwa pang'ono, chimene dzanja kapena kapu sizingalowemo. Aliyense woona paipi ikudontha akauze a kampani ya madzi tsiku lomwelo, ndipo mjigo ukawonongeka akadziwitse komiti ya mjigo kapena a nyakwawa.