Damu la pakhomo panu: liyendereni mvula isanalimbe

Kwa makolo ndi eni madamu a kuno ku Bembeke

M'madambo mwathu muli timadamu ndi maiwe. Ena tinatchinga kamtsinje kuti tizithirira mbatatesi, kabichi ndi tomato m'chilimwe, ena tinakumba dziwe la nsomba, ndipo ana athu, osatipempha n'komwe, anasandutsa malo onsewa kukhala kosambira ndi kowedza akaweruka kusukulu. Kukhala ndi damu si mlandu. Koma khoma lake ndi ladothi, lounjikidwa ndi makasu ndi mawilibala, ndipo kumunsi kwake kuli dimba la mnzanu, njira ya ana asukulu, mwinanso nyumba ya munthu. Damu ndi lanu, koma likagumuka olira ndi akumunsi.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, lomangidwa ndi akatswiri, ndipo dziko lonse linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Nanga kakhoma kathu ka pamanja? Kuno kumtunda malo ndi otsetsereka, mvula ikagwa usiku wonse madzi amafika m'dambo nthawi imodzi, ali ndi liwiro.

Zoyenera kuona pa khoma

Yendani pamwamba pa khoma, kenako mutsike muyendenso m'munsi mwake, kumbali yopanda madzi. Teroni mvula isanayambe, ndiponso m'mawa uliwonse kukagwa mvula yamphamvu, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi.

Kumunsiko yang'anani pamene pakudontha. Tungani madziwo m'botolo loonekera mkati, muliike pansi kanthawi. Akakhala oyera, pitirizani kuwaonetsetsa tsiku ndi tsiku. Akakhala amatope, dothi n'kudikha pansi pa botolo, dziwani kuti madzi akukokolola khoma kuchokera m'kati, ndipo kabowo kolowa chala lero kangathe kukula m'maola ochepa. Musadikire kuti kuche. Chenjezani akumunsi achoke, muuze amfumu, muitane mlangizi wa zaulimi.

Onaninso ming'alu, malo amene khoma latitimira, mauna a mbewa ndi nkhanu, ndi chulu chimene chayamba kumera pakhoma. Chiswe chimafukula njira zosaoneka ndi maso. Mitengo, nthochi ndi bulugamu zisamere pakhoma, chifukwa mizu imatsegulira madzi njira. Zulani ikadali yaing'ono. Mtengo waukulu musangoudula, poti mizu yake ikawola imasiya mphako. Yambani mwafunsa alangizi. Choyenera pakhoma ndi udzu waufupi wogwira nthaka, ndipo ng'ombe zisamapondepo popita kukamwa.

Tsono nkhani ya ngalande yotulutsira madzi osefukira. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa tikudziwa. Munthu amaunjika matumba a mchenga pangalandepo kuti asunge madzi ambiri a m'chilimwe, kapena amatchingapo ndi ukonde kuti nsomba zisathawe, ukondewo n'kudzaza zinyalala. Madzi akasowa potulukira amakwera pamwamba pa khoma, ndipo khoma ladothi silipirira madzi oyenda pamsana pake. Ngalande ikhale yotseguka nthawi zonse, ndipo damu likadzaza, khoma litsale pamwamba pa madzi ndi theka la mita kapena kuposerapo.

Ana ndi madzi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 300,000 amafa pomira chaka chilichonse, ndipo ana aang'ono ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mwana akamamira sakuwa. Amangolowa pansi mwakachetechete, mayi ali poteropo akuchapa. Madzi ofika m'mawondo a munthu wamkulu ndi okwanira kupha mwana. Tchingani dziwe ndi mpanda wansungwi wokhala ndi chitseko, ndipo musasiyire mwana wa sitandade 2 udindo wolera mng'ono wake pafupi ndi madzi. Maenje oumbira njerwa akwiriridwe mvula isanabwere.

Akuluakulunso samalani. Madzi a kuno amazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, moti ngakhale wodziwa kusambira miyendo imatha kumuuma. Pansi pali thope logwira mapazi. Amene wamwa mowa ndiponso amene amadwala khunyu asayandikire madzi ali yekha.

Wina akagwera, musadumphiremo. Kuwani, gonani chafufumimba m'mphepete, mumupatse nsungwi yaitali kapena mumuponyere chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Nsungwi ndi chigubucho zizikhala padamu pomwepo. Mukamuvuula, musamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi, kumeneko n'kutaya nthawi. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu, kenako muzipsinja pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, osaleka. Akatsitsimuka, muvuleni zonyowa, mumufunde bulangete, mupite naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, popeza madzi olowa m'mapapo amatha kudzavutitsa pambuyo pake.

Matenda obisala m'madzi odikha

Madzi a m'damu si akumwa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Imwani a pamjigo, ndipo muwathire klorini kapena muwawiritse. Chimbudzi ndi khola zikhale kutali ndi damu, osati kumtunda kwake, ndipo mpope wopopera mankhwala a mbatatesi usatsukidwiremo.

Mwana wosambira m'dziwe akayamba kukodza magazi, limenelo ndi likodzo, si kukula ayi. Limachokera ku nkhono za m'madzi ndipo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel. Pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Lambulani udzu wa m'mphepete mwa madzi, momwe mumabisala nkhono ndi mphutsi za udzudzu, ndipo banja lonse lizigona m'masikito ngakhale kuno kukuzizira.

Amene mukufuna kumanga damu latsopano kapena kukweza khoma lakale, dziwani kuti lamulo la zamadzi la 2013 linapereka udindo woyang'anira madzi ndi kupereka zilolezo ku bungwe la National Water Resources Authority. Yambirani kwa amfumu ndi ku ofesi ya zaulimi ya Bembeke, akuunikireni malowo ndi kukulozerani kwa akatswiri a ulimi wothirira ku Dedza boma musanakumbe.