Boma la Rumphi Litasanduka Mzinda, Zinyalala Azichotsa Ndani?

Ana inu, nonse mumadziwa msika wa pa boma pano. Pofika madzulo pamakhala makoko a nthochi, masamba a kabichi ofota, mamba a usipa ndi majumbo ali mbwee. Amene amasesa ndi kututa zonsezi ndi antchito a khonsolo ya boma la Rumphi, ndipo ndalama zake zina zimachokera ku tikiti imene mayi wogulitsa tomato amadula m'mawa uliwonse. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linaika ntchito yochotsa zinyalala m'manja mwa makhonsolo.

Tsono tiyerekeze kuti boma lalengeza kuti tauni yathuyi ikhale ndi khonsolo yakeyake, monga zilili ku Karonga kapena ku Mzuzu, kumene kunakhala mzinda mu 1985. Khonsolo ya boma idzatsala ndi Bolero, Phwezi, Livingstonia ndi midzi yonse. Malire atsopano amalembedwa tsiku limodzi, koma khonsolo yatsopano imayamba ilibe wosesa, ilibe thirakitala, ngakhale wilibala. Zinyalala zokha sizidikira.

N'chifukwa chake makhonsolo awiriwa ayenera kugwirizana polemba tsiku lopatsirana lisanafike. Khonsolo yakale ipitirize kututa mpaka yatsopano itaima payokha. Osesa adziwe amene aziwalipira, pakuti munthu wosalandira malipiro miyezi iwiri amaika tsache pansi, ndipo sindingamudzudzule. Ndalama za matikiti a msika zitsate ntchitoyo kumene yapita.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa mtaya. Kawirikawiri malo otayako zinyalala amakhala kunja kwa tauni, pa nthaka imene mafumu amayang'anira. Ngati mfumu ndi anthu ake sanafunsidwe, tsiku lina adzatseka njira, thirakitala n'kubwerera ndi katundu wake.

Musaione ngati nkhani ya m'maofesi chabe. Mulu wa zinyalala ukakhala sabata nthawi ya dzinja, ntchentche zimachoka pamenepo kukatera pa mandasi, ngalande zimatsekeka, uve n'kutsetserekera mumtsinje wa Rumphi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuno kwathu sanatilambalale.

Ena mwa inu mudzakhala makhansala. Nkhani yokweza tauni ikadzabwera, musanavomere mudzafunse kuti m'mawa wotsatira pamsika adzasesa ndani, ndipo adzamulipira ndani.