Bwalo Lalifupi Silinyengereredwa

Mphwanga, ndamva kuti wayamba kuphunzira kuyendetsa ndege ku Lusaka. Msewu woterapo pa bwalo la Kenneth Kaunda ndi wa phula, wautali pafupifupi makilomita 4, ndipo udzakulera moipa: ukalakwitsa, malo amatsalabe. Tsiku lina adzakutuma kukatenga wodwala pa kabwalo ka udzu kwathu kummawa kuno.

Unakulira ku Katete, umaidziwa njinga ya makala ikamatsetsereka cha ku Mphangwe. Ikangothamanga, mabuleki samvanso. Ndege nayo ndi momwemo. Liwiro likapyola ndi 10 peresenti yokha, mtunda woti uime umakula ndi 20 peresenti. Poyambira bwalo uzidutsapo uli mafiti 50 m'mwamba. Ukadutsa uli pa 100, wataya mamita ngati 300 matayala asanagunde pansi. Usamaiyandamitse kufuna kutera mofewa kuti akutame. Ikhazike pomwe unasankha, ngakhale igunde pang'ono, kenaka mabuleki mwamphamvu koma osamanga matayala.

Dziko lathu n'lokwera, mamita ngati 1,000, ndipo dzuwa la Okutobala likaphulika mpweya umapepuka. Geji imaonetsa liwiro lomwe unazolowera, chikhalirecho pansi ukuthamanga kwambiri. Dzinja nalo lili ndi zake: udzu wonyowa umawonjezera mtunda ndi gawo limodzi mwa atatu, nthawi zina kuposa.

Zimenezi ndinaziphunzira mwezi wa Januwale, mvula itangokata. Ndinabwera kudzatera ndili pamwamba, kamphepo kakundikankha kumbuyo. Mtima unandiuza kuti bwerera, koma anthu anali atadzaza m'mbali mwa bwalo, ana akukupiza manja, ndipo ndinachita manyazi. Nditaponda mabuleki, ndege inangoserereka ngati poterera pa chitsime. Inakaima mphuno itayang'ana m'munda wa chimanga, ngaiyaye ndikuziona bwinobwino. Miyendo inkanjenjemera moti ndinalephera kutsika. Kumbuyo kwanga kunali namwino, mayi wa ana atatu, amene anakwera pondikhulupirira ine. Nkhope yake sindinaiiwale mpaka lero.

Ndiye usanayambe kutsika, sankhiratu chizindikiro pansi, kaya mtengo kaya kanjira kodutsa pabwalo. Ukachipyola matayala asanagunde, tsegula injini yonse, kwera, kazungulire. Mafuta ozungulirawo uziwawerengera usananyamuke.

Pa bwalo lachilendo yamba wadutsa chapansi kamodzi. Ona kumene utsi wa m'midzi ukupita. Yang'ana zulu za chiswe, madzi odikha, ndi ng'ombe, chifukwa abusa amakonda msipu wa pabwalo.